Shafiti Yadya Ndalama ya Feteleza

Okondedwa Amalume,

Kuno ku Joni mvula yayamba kugunda, ndiye ndikudziwa kuti kumudziko maso ali pa foni. Ndalama ndatumiza pa Mukuru. Mukaiona kuchepa musakalimbane ndi mtsikana wa pakauntala, iye alibe mlandu. Inayo yadyedwa ndi galimoto.

Poyamba tikonze kankhani kena. Ndamva kuti mukuuza anthu ku tchalitchi kuti mphwanu akuyendetsa Fortuner. Amalume, ya pachithunzi ija ndi ya abwana, ine ndinangoitsamira nditamaliza kuitsuka. Yanga ndi Toyota Tazz, mtundu umene fakitale ya ku Durban inasiya kupanga mu 2006. Ndi nkhalamba, koma imandifikitsa ku maganyu.

Ndiye nkhalambayi inayamba kulankhula. Ndikamayenda mowongoka, zii. Ndikangokhota pa maloboti, kutayala la kumanja kumveka kha-kha-kha-kha, mpaka ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu kutembenuka. Kwa kanthawi mankhwala anga anali kukweza wailesi. Mlamu wanu, mayi wa kunyumba kuno, ndiye ananena kuti iye sakweranso galimoto yoombera m'manja anthu asanaimbe.

Ndinapita kwa makaniko wina wa ku Mozambique amene garaja yake ndi mthunzi wa mtengo ku Jeppestown. Anangosuzumira pansi n'kutulutsa chala chakuda bii. Akuti shafiti, chitsulo chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kukazunguza tayala, chili ndi mfundo kunsonga yotchedwa CV joint, yovekedwa raba yosunga girizi. Raba ija inang'ambika kalekale, girizi anathawa, mchenga ndi madzi n'kulowamo kukhala eni nyumba. Ndikanabwera raba itangong'ambika, akuti, tikanasintha raba yokhayo. Ananena zimenezi akumwetulira, pakuti tsoka la mwini galimoto ndi ndiwo za makaniko.

Mtengo wa shafiti yatsopano kusitolo sindikuuzani, muli ndi BP. Tinalowera ku sikirapu ku Booysens, kumene magalimoto akufa amaunjikidwa mpaka kuposa denga la nyumba. Wogulitsa analumbira kuti shafiti yake yachoka m'galimoto ya gogo wina amene ankangopita kutchalitchi Lamlungu basi. Ndinaiona galimotoyo, Amalume. Mmene inaphwanyikira kutsogolo, gogo ameneyo ankachedwa mapemphero kwambiri.

Apa ndi pamene makaniko anadyera ndalama yake moyenera. Anayeza shafiti ya gogo ija, ndipo inapezeka yaifupi. Pa Tazz giyabokosi ili chakumanzere, choncho shafiti ya kumanja ndi yaitali kuposa inzake. Wogulitsa anati palibe vuto, zitsulo zimazolowerana. Makaniko sanayankhe. Anakafukula yekha ina, n'kukhala pansi kuwerenga timano ta kunsonga zonse ziwiri, kamodzikamodzi, chifukwa likasiyana ngakhale dzino limodzi shafiti silowa. Kenako anapinda mfundo uku ndi uku kumvetsera ngati ikugwedera, n'kufinya maraba kuona ngati ali ndi ming'alu.

Ntchito yeniyeni inali pa nati ya pakati pa tayala, ya 30 mm. Imeneyi amaimasula galimoto isanakwere pa jeke, wina ataponda mabuleki. Woponda mabuleki ndinali ine. Nati inakana. Anawonjezera paipi ku sipanala, inakanabe. Mwamwayi panadutsa mbale wina wa ku Mangochi wogulitsa magwinya, munthu wathupi lake ndithu, amene anakwera pa paipi paja ndi miyendo yonse iwiri. Nati inalira kamodzi n'kugonja, mbale wathu n'kutera m'ngalande. Anakana chipepeso cha pakamwa, ndinagula magwinya onse.

Zotsalazo zinayenda msanga. Anachotsa tayala, anamasula mabawuti a m'munsi, anakankhira habu pambali, n'kutokosa shafiti ndi chitsulo mpaka inazuka m'giyabokosi. Oyilo anatsatira pambuyo, ndipo beseni limene tinatchera ndi lija mlamu wanu amachapira. Nkhani imeneyi kunyumba sinathe mpaka lero. Imene anafukula ija anaikankha mpaka kawaya ka kunsonga kanagwira kuti kwapu, anathira oyilo wina, anamanga nati n'kuitsekera ndi kapini katsopano.

Poyesa tinazungulira pabwalo la sitolo ina, chiwongolero chitathera kumanja, kenako kumanzere, mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati tasochera. Kha-kha-kha watheratu. Vuto ndi lakuti phokoso lija linkaphimba anzake. Tsopano ndikumva kena kumbuyo, kakuti gu-gu, ndipo makaniko wandipatsa kale moni wa mwezi wamawa.

Choncho gulani matumba a feteleza amene ndalamayo ikwanitse, kwinako muthire manyowa. Za kubwera pa galimoto pa Khirisimasi muiwale, Tazz ikafika pa Beitbridge ndiye kuti yakwezedwa pa lole. Ndibwera pa basi. Shafiti yakale ndibwera nayo, mukawauze a hedimasitala kuti belu la sukulu lapezeka, koma asamalipinde polimenya.

Moni kwa onse, kupatula amene ndili nawo ngongole.

Ndine mphwanu,
wa ku Joni