Kalumo ka mlendo kananoledwa kwathu konkuno

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ankanena za munthu wapaulendo amene amamasula mlandu umene wasowetsa tulo mfumu ndi nduna zake. Mlendo wa kalelo ankamuphera nkhuku, n'kumuyalira mphasa. Wa lero amatchedwa consultant, amanyamula laputopu, ndipo nkhuku alibe nayo ntchito. Amatumiza invoice.

Kampani ikayamba kutsokomola, mabwana sathamangira ku UNIMA ku Zomba kapena ku MUBAS ku Chichiri. Amaitana makampani olangiza za bizinesi, owerengera ndalama, a zamalamulo ndi a makompyuta. Anyamata a mataye ndi atsikana a nsapato zogogoda amafika, amafunsa aliyense kuyambira bwana mpaka mlonda. Pakatha mwezi, onse amakhamukira ku Mangochi kukamva zotsatira. Pakhoma pamaoneka mabokosi anayi ndi mivi yolozana. Anthu amawomba m'manja, n'kufola pamzere wosainira alawansi.

Koma mabokosi anayiwo ali m'manotsi a chaka chachiwiri ku koleji. Mnyamata amene akuwafotokoza monyadirayo anakhoza phunziro lomwelo mwamwayi, atalemba mayeso achibwereza. Nthawi zina mlendoyo amakhala lekichala yemwe uja amene Lolemba tinamuona akudya chipisi pa chiwaya kuseri kwa koleji. Akayankhula ali ndi choko m'manja, mabwana amati, "Izo n'za m'mabuku, bambo." Akavala jekete Lachisanu, n'kuika chizindikiro cha kampani pamwamba pa lipoti, mawu omwewo amasanduka nzeru zakuya zoyenera kulipiridwa m'madola.

Tisawanyoze kwambiri alendowa, pakuti eni kalumo nawonso ali ndi nthenda yawo. Chaka chilichonse ophunzira amalemba kafukufuku, amamumanga chikuto cholimba cha zilembo zagolide, n'kumuika pa shelefu, pamene chiswe chokha ndicho chimawerenga mpaka tsamba lomaliza. Pulofesa ukamupempha yankho pofika Lachisanu, amakuyankha pakatha miyezi isanu ndi umodzi kuti nkhaniyi ikufunika kafukufuku wina. Zimene wapeza amazitumiza ku magazini a akatswiri akunja, amene kuti uwerenge nkhani imodzi uyambe wapeza ndalama zakunja.

Consultant naye amadziwa zinthu zimene sizili m'buku lililonse. Amadziwa mmene kampani imapumira ndalama zakunja zikasowa, mmene katundu amachedwera pa Mwanza, ndi mafunso amene a MRA amayambira akafika. Koma anasainira kuti za kasitomala saulula, ndiye nzeruzo zimagona m'laputopu. Mapeto ake mwana wa ku Ndirande amaloweza mbiri ya makampani a ku America, koma sangafotokoze chimene chimagwetsa golosale ya ku Limbe. Pulofesa wasunga kalumo m'kabati, consultant ndiye akudziwa kumene kuli ndevu, ndipo awiriwa amangokumana pa maliro.

Anzathu ena anapeza njira. Ku Britain, kuyambira 1975, kuli ndondomeko imene lero imatchedwa Knowledge Transfer Partnerships. Womaliza digiri amakagwira ntchito pa kampani kuti athetse vuto limodzi lodziwika, lekichala amamuyendera pafupifupi theka la tsiku sabata iliyonse, boma n'kulipirako gawo. Kampani imapeza yankho, lekichala amabwerera m'kalasi ali ndi zitsanzo zamoyo. Kwathu kuno maziko alipo kale. Centre for Social Research ya ku Zomba yakhala ikuchitira mabungwe kafukufuku kwa zaka zambiri, ndipo pamene University of Malawi inkagawidwa mu 2021, Polytechnic inatuluka ndi dzina latsopano la MUBAS, lokhala ndi mawu oti bizinesi pakati penipeni.

Chatsala n'chochepa. Akuluakulu a makampani olangizawa azibwera m'kalasi kamodzi pamwezi, afufute mayina a makasitomala, atiuze zimene anaona. Mapulofesa nawo azilemba masamba awiri oti bwana angawerenge tiyi asanazizire. Ndipo ngati mabwana sangakhulupirirebe munthu wapakhomo, yunivesite izimugulira pulofesa tikiti: akwere ndege ku Chileka, akatsikire ku Lilongwe, alowe mumsonkhano kapepala ka ndege kakulendewera pachikwama. Mudzaona mmene adzamuwombere m'manja.