Chikomekome cha FLAC, M'kati Muli MP3

Makolo athu sanaonepo kompyuta, koma amalonda ankawadziwa bwino. N'chifukwa chake anatisiyira mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhuyu imafiira mokopa, mate n'kudzaza m'kamwa, koma ukaing'amba upeza kuti alendo anafika kalekale ndipo phwando lili m'kati. Masiku ano mkuyu wotere ukubereka kwambiri pa intaneti, ndipo otola nkhuyu zake ndi anthu okonda house, techno ndi amapiano amene analumbira kuti makutu awo sadzalawanso MP3.

MP3 inalakwanji? Akatswiri a ku Fraunhofer, ku Germany, pofuna kuchepetsa kukula kwa nyimbo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anapeza nzeru yotaya mawu amene khutu silimva kwenikweni. Nyimbo ya pa CD imayenda pa 1,411 kbps. MP3 ikadzikoka kwambiri imalekera pa 320, ndipo zambiri zimene timapatsana pa memory card ndi za 128. Zotayidwazo zinapita, sizibwerera. FLAC, imene Josh Coalson anatulutsa mu 2001, imapanikiza nyimbo osataya kanthu, moti ukaimasula umapeza zonse zimene zinali pa CD. Mpake kuti anthu amaisakasaka.

Tsono apa ndi pamene nyerere zimalowera. Mwana aliyense wodziwa kudina akhoza kutenga nyimbo pa YouTube, pomwe inadulidwa kale, n'kuisandutsa FLAC. Nyimbo ya mphindi 7 imene inali pafupifupi 7 MB imatupa kangapo, dzina lake n'kusintha, koma palibe liwu ndi limodzi lomwe labwerera. Inu mwatha bandulo yonse kuikopera, mwaiika m'foda yolembedwa zilembo zikuluzikulu, mwatsinzina n'kumagwedeza mutu kuti iyi ndiye nyimbo. Achimwene, mukudya nyerere, kungoti mwazilipirira ndalama zambiri.

Mwambiwu sukuletsa kudya nkhuyu, ukungoti yambani mwaing'amba. Chong'ambira chilipo, chaulere, dzina lake Spek. Chimajambula mawu onse a m'nyimbo, kuyambira otsika mpaka okwera. CD imatha kusunga mawu ofika pa 22 kHz. MP3 ya 128 kawirikawiri imadula cha pa 16 kHz, ya 320 cha pa 20 kHz. Mukaona chithunzi chadulidwa mowongoka pa 16, pamwamba pali mdima wokhawokha, dziwani kuti FLAC yanuyo ndi MP3 yovala jekete.

Nanga zenizeni zili kuti? Zili kumene mwini nyimbo kapena kampani yake anaziika yekha. Pa Bandcamp, imene inayamba mu 2008, mukagula nyimbo mumasankha nokha FLAC, WAV kapena AIFF. Beatport, yochokera ku Denver, yakhala msika wa ma DJ kuyambira 2004, ndipo nyimbo yosadulidwa imakwererako mtengo. Traxsource ndi kwawo kwa house. Bleep, imene inayambitsidwa ndi Warp Records, ndi Boomkat ya ku Manchester zimasunga nyimbo zija zimene mnzako akamva amafunsa ngati wailesi yawonongeka. Ofuna kungomvera osagula ali ndi Qobuz, Tidal ndi Apple Music, imene inayamba kupereka nyimbo zosadulidwa mu 2021. Spotify inazengereza mpaka 2025. Ndipo CD yakale ija yosungidwa m'kabati ndi chuma: mukaikopera ndi Exact Audio Copy mumapeza FLAC yodziwika makolo ake.

Koma musanyade msanga, pakuti nyerere zina zimakhala m'nyumba mwanu momwe. Mwagula WAV yeniyeni, mphindi iliyonse 10 MB, kenako mwaitumiza pa Bluetooth ku kasipika kokwana m'thumba la malaya. Bluetooth yawamba nayonso imadula mawu kuti adutse. Ndiye kuti nyimbo yachoka ku Johannesburg yathunthu, yadutsa malire onse bwinobwino, n'kudzaphedwa pakati pa foni ndi tebulo. Log drum ya amapiano imene inapangidwa kuti igwedeze chifuwa ikungoti phaphapha.

Nyerere zina zinalowa nkhuyu isanapse. Oimba ambiri a hip hop ndi house ankakonda makina a E-mu SP-1200, a mu 1987, amene amajambula pa 12-bit, kutali ndi CD, ndipo ankawakondera kukhakhala komweko. Lero ena amachita kuthira phokoso la tepi mwadala. Choncho FLAC ikhoza kukusungirani mokhulupirika, osataya ndi kadontho komwe, zinyalala zimene mwiniwake anaika ndi manja ake.

Kodi ndiye kuti kusakako n'kwachabe? Ayi ndithu. DJ amene amakoka liwiro la nyimbo pa masipika akuluakulu amafunikira fayilo yathunthu, chifukwa kumeneko hi-hat ya MP3 yotsika imalira ngati ili m'madzi. Wosunga nyimbo nayenso amapindula: pa FLAC ukhoza kupanga MP3 tsiku lililonse, koma pa MP3 sungapange FLAC yeniyeni. Ndipo ndalama yogulira pa Bandcamp, gawo lalikulu limapita kwa woimba kapena kampani yake.

Khutu la munthu limamva mpaka cha pa 20 kHz ali mwana, kenako malirewo amatsika chaka ndi chaka. Akulu ambiri amene amakangana za 22 kHz anasiya kumva 16 ana awo asanayambe sukulu. Mukakhala ndi mnzanu wolumbira kuti iye amasiyanitsa MP3 ya 320 ndi FLAC ngakhale ali m'tulo, muikireni foobar2000, imene ili ndi kachida ka ABX koyesera munthu osamuuza kuti iyi ndi iti. Koma ngati ali ndi ngongole yanu, yambani mwalandira ndalamazo.