Mwana wa Ng'ona ndi Foni ya M'khosi

Akulu amene anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi ayenera kuti anali a kumtunda, odziwa ng'ona m'nthano zokha. Pakuti ife a kwa Ndamera, amene timachapa ndi kutunga madzi pamene mwini mwambiyo amaothera dzuwa, sitikondwa kumva kuti mwana wake ali pa ulendo wosintha maiwe. Komatu mwambiwu unandibwerera pa tchuthi chapitachi, pamene mwana wanga wamkazi wa ku Blantyre ananditumizira mdzukulu wa zaka 10, atam'pachika foni m'khosi ngati chithumwa, pamodzi ndi malamulo amene, akadalembedwa pa miyala, Mose akadapempha womunyamulira gome lachitatu.

Asapitirire pa mjigo. Asakwere kabaza. Shire asamuloze ndi chala chomwe. Ndipo foniyo, anatero mayi wake, idzamuonetsa iye ali ku Blantyre komweko kadontho kosonyeza pamene phazi la mwana laponda.

Tsono kuno ndi kumalire, Marka ali pafupi, ndipo mafoni athu, monga mbuzi zathu, sadziwa pamene Malawi wathera. Tsiku lachiwiri, mwana ali phee pansi pa mtengo wa masawu, foni yanga inalira.

"Ababa, mwana akutani ku Mozambique?"

"Ali pano, mayi, akulavula nthanga za masawu."

"Ababa, musandibise, kadontho kali tsidya!"

Kuyambira pamenepo ndinayamba kukalemekeza kadontho kaja, chifukwa pa tsiku limodzi kanadumpha malire kanayi popanda chiphaso, kanakacheza ku Vila Nova, ndipo dzuwa litapendeka kanakaima pakati pa dambo la Ndindi, pamene ngakhale msodzi wolimba mtima sangayale mphasa. Pomwe mwini wake, wosauka uja, ulendo wake wautali unali wa kuchimbudzi. Taonani, mwambi unakwaniritsidwa pamaso panga, koma mwana wa ng'ona anali foni.

Pakhomo loyandikana nafe pali mnyamata wa msinkhu womwewo, amene amapita ndi ng'ombe kudambo m'mawa, napalasa njinga ya bambo wake mwendo ataulowetsa pansi pa chitsulo, natsutsana mtengo wa tomato m'Chisena ndi m'Chichewa, nawerenga makwacha ndi metikali osaphonya. Ndipo mdzukulu wanga ankamuyang'ana monga ana a Israyeli ankayang'anira Kanani. Tsiku lachisanu foni inapezeka italendewera pa msomali wa pakhonde, chingwe chake chikugwedezeka ndi mphepo, mwana palibe. Ndipo kadontho, kamene kanali kosamvera masiku onsewo, tsiku limenelo kanakhala pakhomo ngati mkamwini watsopano. Madzulo mayi wake anati, "Lero ndiye mwam'samala, Ababa." Ine, pokhala mkulu wa mpingo, sindinaname, ndinangoti msomali wathu ndi wolimba.

Musaganize kuti ndikumuseka mwana wangayo. Iye anakulira konkuno; akudziwa amayi opita kukazula mizu ya nyika m'madzi m'chaka cha njala, amene ena a iwo sitinawaonenso; sanaiwale madzi a mu Januwale 2015, ngakhale a namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene abale a kwa Nyachikadza ankaoloka pa mabwato, mabanja nagona m'makalasi. Mantha ake si achabe. Ngakhale ng'ona yaikazi imalondera mazira ake miyezi itatu, ndipo akaswa imanyamula tiana m'kamwa momwemo, pakati pa mano amene amathyola mwendo wa ng'ombe. Kungoti ikafika pamadzi imayasama. Ndipo ine ndinaona ndi maso anga kuti usiku wa chigumula, mafoni atazima onse, mwana amene anathandiza anzake ndi uja wodziwa kugwira nkhafi ndi kumene kuli chulu chachitali.

Mdzukulu anabwera dzuwa litalowa, matope mpaka m'mawondo, minga iwiri ku chidendene, mlamba umodzi m'manja, ndi mawu atatu a Chisena amene agogo ake aakazi anamuletsa kuwabwereza. Ndikumuzula mingayo ndi singano pa kuwala kwa tochi, anandinong'oneza kuti, "Agogo, mawa tiipachikenso?"

Ndinayang'ana kumene kuli Shire, ndinayang'ana msomali, ndipo ndinam'funsa kaye ngati mlambawo anaugwira pa chithaphwi kapena pa mtsinje.