Wamalonda wa Maiko Awiri

Alipo anthu ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene, akamva za malonda a kunja kwa dziko, mtima wawo umathamangira ku madoko a Beira ndi Nacala, ku magalimoto onyamula fodya ndi tiyi, ndi kwa mabwana a mataye osaina mapepala m'zipinda zozizira. Koma ine kapolo wanu, amene chuma changa chonse chimalowa m'ndowa imodzi malo n'kutsalako, ndifuna dziko lidziwe kuti inenso ndili m'gulu lomwelo, pakuti kwathu ndi pa Lizulu.

Kwa amene sanapondeko, Lizulu ali m'boma la Ntcheu, pa msewu waukulu wa M1 wochokera ku Dedza. Ndipo popeza Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire m'chaka cha 1891 osafunsa mfumu kapena nyakwawa, lero munthu akaima kum'mawa kwa tala ali m'Malawi, akaolokera kumadzulo wafika ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Chotero ndikakaoda nyemba kwa alamu anga kutsidyako, ndaitanitsa katundu wakunja. Iwo akagula kabichi wanga, ndatumiza katundu kunja. Ndipo tsiku lina tambala wanga atathawa mpeni, ndinamthamangitsa m'maiko awiri wopanda chiphaso, anthu a mbali zonse akuombera m'manja tambalayo.

Chauta anatipatsa mphepo yozizira ndi nthaka yokonda kachewere, kabichi, karoti, anyezi ndi matimati, koma nzeru yosiyanitsa mbewu anaisungira ena. Pakuti mnansi wanga akabzala kachewere inenso ndibzala kachewere, mudzi wonse ubzala kachewere, ndipo tonse tikumba mwezi umodzi, tiunjika pa msika umodzi, n'kumadabwa kuti mtengo wagwa bwanji. Nyumba yozizira yosungiramo mbewu tilibe. Matimati salinda kuti mtengo ukwere. Pamenepo ndi pamene amafika venda wa m'tauni ndi ndowa yake, ndowa imene ndikhulupirira kuti inaleredwa ndi phala la likuni, pakuti imameza ndowa zanga ziwiri ili chikhalire ndi njala, ndipo ikadzaza mpaka kusenza chisoti, mwini wake amandiyang'ana mwachifundo nati, "Madala, nanga basela?" Ine, katswiri wa malonda a maiko awiri, ndimaonjezera, n'kuthokozanso.

Kachewere yemweyo ndinakakumana naye ku Lilongwe pa chiwaya, atasendedwa, atadzola mafuta, atawazidwa mchere ndi tsabola. Tizidutswa tokwana m'chikhatho anandiuza mtengo umene kwathu ndimagulitsira mulu wathunthu. Ndinamlonjera mwaulemu monga mwana wa pakhomo amene zamuyendera m'tauni, koma iye sanandizindikire.

Za ndalama ndiye musachite kufunsa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinasonkhanitsa anzanga a bawo pansi pa mtengo, ndi kuwamasulira, monga ndinamvera pa wailesi, kuti tsiku la ife otumiza katundu kunja lafika. Ndipo ndinalankhula mokoma kotero kuti wina anandigulira thobwa. Sipanapite nthawi thumba la feteleza linadutsa K100,000, mankhwala a chiwawu anakwera nalo limodzi, ndipo alamu anga, amene kale ankalandira kwacha ndi manja awiri, anayamba kuitembenuza uku ndi uku nafunsa ngati ndilibe metikali. Mayi a kunyumba, amene sanaphunzire za chuma koma ndiwo msungichuma wa banki mkhonde, anamvetsera zonsezi akusenda nyemba, nati, "Abambo, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sopo watha." Foni ndili nayo ya mizere iwiri, wa Airtel Money ndi wa Mpamba, ndipo yonse iwiri imagwirizana mwamtendere pa chiwerengero chimodzi.

Tala tili naye, inde, ndipo ulemerero wake sindiukana. Koma talayo ndi wa opita, ife athu ndi matope. Kuchokera ku dimba kufika pa msewu, thumba limakwera ngolo, ngolo ikatitimira likwera kabaza, wakabaza akakana likwera ine. Ndipo walira mvula walira matope, anatero akale, amene ndikuganiza kuti anali a kwathu konkuno. Pa kamtsinje ka pakati pali mlatho wa mitengo umene madzi amaubwereka chaka ndi chaka osaubweza. Anthu a m'mudzi, poona kuti ndimadziwa kulankhula, anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya mlathowo, ndipo ndinganene mosadzitama kuti pa ulamuliro wanga misonkhano yachuluka, buku la mfundo ladzaza, ndipo mpando weniweniwo, umene ndinabwereka ku tchalitchi, ukali wolimba.

Magetsi nawo amatichezera monga angathere. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo ine, amene nyumba yanga mawaya amangoidutsa pamwamba, ndinadandaula koposa onse. Pakuti chigayo chikaima nsima ichedwa, ndipo wometa anandisiya mbali imodzi ya mutu ili mbee, ina ili thengo, kufikira madzulo a tsiku lotsatira.

Tsono inu owerenga olemekezeka, basi yanu ikadzaima pa Lizulu ife n'kukhamukira pa mazenera, mudzayang'ane bambo wa chipewa chong'ambika amene amafika pambuyo pa onse ali wefuwefu. Mudzagule kwa iyeyo, osanenerera, osapempha basela. Ndipo ndalama yanu idzakhale yokwanira ndendende, pakuti chenji ndilibe, ndipo zothamangira basi mawondo anga anakana kalekale.