Za Chikwama cha Paulendo ndi Masamu a Munthu Wosauka

Mkangano wa pakati pa mtengo ndi kulimba kwa katundu umaonekera bwino pa chikwama chobereka kumsana, makamaka pakati pa zidzukulu za machona, kutanthauza Amalawi amene anadzagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya dziko lino la Zimbabwe n'kukhaliratu, zomwe zilipo zambiri ku Kadoma ndi ku Chegutu, matauni amene mpaka 1982 ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Agogo awo, amene ankakumba golide ku Cam and Motor ndi ku Dalny kapena kuwomba nsalu pa David Whitehead, ankasunga katundu m'sutikesi yachitsulo imene inkatsala mwiniwake atatsikira kulichete. Koma mdzukulu, amene chitsanzo chake chodziwika ndi mlembi wa nkhani ino, amagula chikwama chatsopano ulendo uliwonse wopita kumudzi, ndipo amadziwerengera m'gulu la anthu odziwa kusamala ndalama.

Mlembiyu amadziwa bwino kuti chikwama cholimba chimapezeka ku mabhero, kumene kwathu ku Malawi timati kaunjika, pakuti chimene chinapirira pamsana wa mzungu wokwera mapiri sichingaope msewu wa ku Tete. Komabe mapazi ake amamufikitsa pa zhing-zhong, dzina limene anthu a kuno anapatsa katundu wotchipa wochokera ku China, chifukwa ameneyu amanyezimira, ali ndi matumba ambiri kuposa zinthu zoikamo, ndiponso sanavalidwepo ndi munthu, mfundo imene imalemera kwambiri pamaso pa apongozi. Masamu ake ndi akuti dola imene yatsala m'thumba lero ndi yooneka ndi maso, pamene zipi imene idzathyoke mawa ndi mphekesera chabe.

Mayeso enieni amachitikira pamsewu, kuchokera ku Mbare mu Harare, kudutsa pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi ku Tete, mpaka pa Zobue ndi Mwanza, kumene katundu amatsitsidwa, kutsekulidwa ndi kukwezedwanso pachipata chilichonse. Kafukufuku wa mlembiyu akusonyeza kuti zipi imasiya ntchito pa Nyamapanda, lamba wakumanzere amaduka ku Tete, ndipo pofika pa Mwanza ofufuza katundu savutikanso kutsekula chifukwa sopo, shuga ndi kabudula wamkati zimakhala zitadzionetsa kale zokha. Makorokoza, omwe ndi okumba golide paokha m'tchire la Kadoma, sachita manyazi otere, popeza iwo amakoka lamba mwamphamvu wogulitsa akuona, ndipo akakayika amangotenga thumba la feteleza n'kulimanga zingwe.

Abale a ku Malawi akupemphedwa kuti akadzaona mlembiyu akutsika basi ku Wenela atakumbatira chikwama chomangidwa ndi chitenje cha mayi wachifundo wa pampando woyandikana, amulandire katunduyo mwaulemu, abweze chitenjecho kwa mwiniwake, ndipo asafunse mtengo.