Nkhono ya ku Mzuzu idakabisabe maso

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Adanena zoona, koma adaiwala kutiuza kuti kudekhako ndi kwa zaka zingati. Mwina ankaganiza za munthu wokhala pachitsa masana amodzi. Sadaganizireko za sapota wa mpira wa ku Chibavi, amene wakhala akudikira kuyambira 1986, chaka chomwe Super League idayamba, kuti chikho cha ligi chidzakwereko Chikangawa n'kufika ku Mzuzu.

Chikhocho n'chamantha ndi msewu wa kumpoto. Chimangozungulira pakati pa Blantyre ndi Lilongwe. Maule adachisunga kasanu kotsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023. Manoma achinyamula, Silver Strikers yachinyamula, ngakhale ESCOM United idachilawako. Chomwe chidawawa kwambiri ndi cha 2016, pamene Kamuzu Barracks idachitenga. Tinkadzitonthoza kuti asilikali sangapambane ligi poti amatanganidwa ndi perete. Anzawo a ku Lilongwe atapambana, masapota a Moyale Barracks, mikango ya ku Kaning'ina, tidasowa pogwira.

Kudekha kwatiphunzitsa masamu. Munthu wa ku Blantyre amawerenga m'ndandanda wa matimu kuyambira pamwamba, akapeza timu yake n'kutseka nyuzipepala. Ife timayambira pansi, pomwe pali matimu atatu oyembekezera chikwanje, n'kumakwera pang'onopang'ono mtima uli m'mwamba. Wakabaza wa pa Katoto, yemwe amavutika kukubwezerani chenji cha K500, adzakuwerengerani mosaphonya kuti tikapambana masewero awiri otsala, wakutiwakuti n'kugonja ku Karonga, winayo n'kufanana mphamvu, ndiye kuti tapulumuka ndi kusiyana kwa zigoli. Mzuni FC, timu ya pa yunivesite ku Luwinga, ndiyo inkayenera kuwadziwa bwino masamuwa. Idasanduka Mzuzu Warriors, kenaka masamu adaikanika, n'kutuluka mu ligi.

Komatu nkhono imakonda chinyontho, ndipo ku Mzuzu mvula sichita kupemphedwa. Ikagwa usiku wonse, pa Mzuzu Stadium mpira umathamanga mwa ulemu, n'kuima pakati pa njira kuti upume. Alendo amadandaula za matope; ife timati ndi mwayi wa pakhomo.

Ndiye kudabwera Hammers. Timuyi idabadwira ku Ekwendeni, ndipo itangolowa kumene mu ligi idafika mu fayinolo ya FDH Bank Cup mu 2021, komwe idagonja ndi Silver Strikers. Mu 2024 idatenga dzina la Mzuzu City Hammers, ndipo chaka chomwecho idagonjetsa Manoma mu fayinolo ya Castel Challenge Cup. Tsiku limenelo nkhono idatulutsa diso. Limodzi lokha, poti chikho cha kapu si cha ligi, koma ku Mchengautuba anthu sadafunse zimenezo. A ku Ekwendeni amati mwanayo ngwawo, ife tidangomupatsa dzina atakula kale. Mlanduwo tidzaukamba tikapeza nthawi.

Pali chinthu china chomwe sitikonda kuchinena mokweza. Maule kapena Manoma akabwera kudzasewera kuno, bwalo limadzaza, koma taonani majezi: ofiira ndi abuluu okhaokha. Ovalawo sadachokere ku Ndirande, ayi. Ndi anzathu a ku Zolozolo ndi Chiputula omwe, amene tidzakwere nawo minibasi imodzi pobwerera. Awa kudekha kudawakanika kalekale, adakabwereka maso kwa nkhono ya eni ake. Timu ya kwawo ikagoletsa amakwiya, ikagonja amavina, ndipo Lolemba m'mawa ndi omwewo amayamba kufunsa kuti kodi kumpoto kuno mpira udalodzedwa ndi ndani.