Aliyense Akugulitsa, Nanga Akugula Ndani?

Teremu yachiwiri yayamba, ndipo kuyambira ku Kawale, Biwi mpaka ku Chilinde nkhani yavuta ndi ya mapazi a ana. Pa kiyosiki ya madzi mayi wina amafotokozera anzake kuti nsapato ya sukulu anaigula mu Seputembala ku msika wa Tsoka, anasankha dala yokulirapo n'kutsenderamo nyuzipepala kutsogolo, koma lero mwana akuyenda chotsimphina. "Mukumudyetsa chiyani kodi, asisi?" wina anafunsa. "Bonya yemweyu ndi soya." Onse pamzere anagwirizana kuti bonyayo ayambe wachepa kaye, mwana asamakule mothamanga ngati kuti alipo akumuthamangitsa.

Kuseka kumasekedwa, koma uno ndi mwezi wa General January, msilikali amene sanagonjepo pankhondo. Amabwera ndi anzake atatu nthawi imodzi. Fizi ikufunika. Kumudzi akuimba foni kuti chimanga chafika m'mawondo, feteleza wobereketsa ali kuti. Kumsika nako ndowa ya chimanga yakwera, poti za m'nkhokwe zatha ndipo zatsopano zikadali kumunda. Ndalama zimene amayi anagawana ku banki mkhonde mu Disembala musazifunse. Zina zinasanduka mpunga wa Khirisimasi, zina malaya a ana, zina zinangobwerera komwe zinakongoledwa.

Pa bawo, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa okala, madala ena anakumbutsa anyamata kuti sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, nthawi ya a Bakili Muluzi, ndipo ana anadzaza mpaka kuphunzirira pansi pa mitengo. Mnyamata wina wa ana awiri anavomera mwaulemu. "Zoona, madala. Koma kope silinakhale laulere. Cholembera chimasowa Lolemba lililonse. Nanga ya patitaimu? Nanga yodyera pa buleki?" Madala aja anati kale mwana ankanyamula chimanga chokazinga m'thumba la kabudula n'kuweruka ali bwinobwino. Mnyamatayo anati ayesere kumupatsa chimanga chokazinga mdzukulu wawo aone ngati sadzawasumira kwa agogo aakazi.

Amene analawa sukulu za mkaka ndiwo ali ndi nkhani zonona. Mwana wa zaka 5, amene sadziwa n'komwe kumanga lamba wa nsapato, ayenera kubwerekedwa mkanjo ndi chisoti, akajambulidwe, kudulidwe keke, akuti wamaliza maphunziro. Asanafike kumeneko pamabwera tsiku loti aliyense avale za ntchito imene akufuna kudzagwira. Mayi wina wa ku Mchesi akuti mwana wake analirira za woyendetsa ndege. Atafunsa mtengo kwa telala, anabwerera kunyumba, n'kutenga kajekete kowala kaja ka bambo a mwanayo ka pakabaza, n'kukapinda ndi mapini kumsana, chipewa cha njinga pamutu. Anamuuza kuti woyendetsa aliyense amayambira pansi. Mwana anapita akunyada, ndipo akuti anzake ovala za udokotala ndi amene ankapempha kuti avaleko chipewacho. Vuto linali la bambo, amene anakhala pakhomo mpaka 11 koloko kudikira zida zawo.

Tsono poti malipiro sakufika pa 15, aliyense wayamba geni. Yendani m'mawa mumsewu wopita kusukulu iliyonse muwerenge mabeseni. Mandasi, zitumbuwa, zigege, chigumu, mtedza wokazinga, mafirizesi m'kabokosi kozizira, kenako mandasi ena. Chimene chandiseketsa ndi chimene anatulukira amayi awiri oyandikana nyumba atakhala pansi kuwerengetsa. Wina amaphika mandasi, wina amapanga mafirizesi. Wa mandasi amapatsa ana ake ya buleki kuchokera m'beseni, anawo sangadye mandasi a mayi awo poti anatopa nawo, ndiye amakagula firizesi kwa aneba. Wa mafirizesi naye amatapa m'kachitini kake kupatsa ake, iwo n'kuthamangira mandasi. Panali ndalama ina yapepala yong'ambika pakona, yomata ndi selotepu, imene anaizindikira kuti yakhala ikuoloka mpanda m'mawa n'kubwerera madzulo. "Ndiye tikugwirira ntchito ndani, aneba?" "Tikugwirira wa golosale, amene amatigulitsa shuga tonse awiri."

Ine ndikuti amayi amenewa aona chimene ambiri ophunzitsa za bizinesi m'maholo a mahotela sanena. Geni ya m'dera mwathu imadalira thumba la mnzako, ndipo thumba la mnzakoyo ndi lobooka chimodzimodzi. Magetsi akathima tsiku lonse, mafirizesi amabwerera kukhala madzi a shuga ndipo ana a pakhomo amachita phwando. Mvula ikagwa m'mawa, mandasi otsala amakhala chakudya chamadzulo. Phindu lilipo ndithu, kungoti nthawi zambiri limathera m'mimba mwa eni ake lisanaoneke m'dzanja.

Kumaofesi nako musaganize kuti kuli mtendere. Ku Capital Hill ndi ku City Centre nthawi ya nkhomaliro mabuti a galimoto amatseguka: mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga, zitenje, mafuta onunkhira, mazira, nsapato za ana. Pa WhatsApp anthu analeka kuika zithunzi za maukwati, pano ndi mitengo ya katundu yokhayokha. Koma ogula onse ali ndi nyimbo imodzi: "Mundilembe, mayi, mwezi ukatha." Mwezi ukatha wolembedwa uja amayamba kudzera khomo lakumbuyo.

Za nkhuku zoyera ndiye zinafika poipa chaka chathachi. Pafupifupi mzere wonse wa nyumba unagula anapiye mu Novembala, aliyense akuwerengera kuti pakatha masabata 6 Khirisimasi ikhala itakwana. Inakwanadi, koma aliyense anali ndi zake. Nkhuku yoyera ikapyola nthawi yake siidikira kasitomala, imangodya, ndipo thumba la chakudya chake silisekerera munthu. Bambo wina akuti ana ake, omwe kale ankaona nkhuku pokhapokha kukabwera alendo, anafika pofunsa kuti kodi nyemba zinalakwa chiyani.

Mu minibasi yochokera ku depoti nkhani inali ya ndalama yeniyeniyo. Kondakitala amakana K5,000 kuti alibe chenje, mayi wina n'kumuuza kuti asachite matama, ndalamayo itangotuluka mu 2022 munthu ankaigwira ndi manja awiri, pano ukangoiswa wataya. Bambo wovala tayi kumbuyo anaonjeza kuti chiigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, iye analeka kulemba bajeti papepala chifukwa pepalalo limakhala lonama lisanafike kumsika. Amangogula za tsiku: ufa wa wokumani, mafuta a m'kachubu, makala a m'kajumbo. Wina anamuuza kuti kugula pang'onopang'ono kumadula kuposa kupikula. "Ndikudziwa, achimwene. Ndibwerekeni yopikulirayo." Minibasi yonse inaseka, wolangizayo n'kuyamba kuyang'ana pawindo.

Kobwereka kulipo kumene, ndipo kulikonse kuli ndi mano ake. Chipereganyu n'chabwino mpaka tsiku limene wolandira koyamba wasamukira ku Area 25 osatsanzika. Banki mkhonde yathandiza ambiri, palibe angatsutse. Ndi imene yalipira fizi ya ana ochuluka m'makwalala muno, ndipo chiwongoladzanja chake chimabwerera kwa eni ake pogawana. Koma magulu ambiri amadula 20 kwacha pa 100 kwacha iliyonse pamwezi, ndipo ena amakakamiza membala kukongola ngakhale alibe chochita nayo ndalamayo, kuti thumba likule. Ukalephera kubweza, amayi omwewo amene mumaimba nawo kwaya amabwera mwaulemu, kupereka moni, kufunsa za ana, n'kunyamula matiresi. Wa katapila sabwera n'komwe kunyumba. Amasunga khadi yako ya ku banki ndi nambala yake yachinsinsi, malipiro akalowa amayamba ndi iyeyo kudya.

Abambo ena apeza njira yachidule, kandege ka juga ka pafoni kaja. Amati ukakatsika msanga umapha makwacha. Pometera tsitsi mnyamata wina analumbira kuti mnzake anapezapo ya lendi ya miyezi iwiri. Atafunsidwa kuti mnzakeyo akukhala kuti pano, anati kwa alamu ake. Mayi wina akuti anapatsa amuna ake ya yunifolomu kuti akaipereke kwa telala, madzulo bambo anabwera ndi nkhope ya maliro n'kunena kuti telala watseka msanga. Foni ndi imene inaulula.

Koma nkhani imene yamveka kwambiri sabata ino ndi ya ku Chilinde. Pakhomo pena gulu la banki mkhonde limakumana Loweruka lililonse pakhonde, ndipo kamtsikana ka Sitandade 5 kamakhala chapafupi, kumanamizira kusewera. Kamtsikanaka sikadya ya buleki yonse, kamaponya yotsala m'chitini cha mkaka chobooledwa pamwamba. Lachitatu mayi ake mayunitsi a magetsi atawathera, mafirizesi ali mufiriji, anakagogoda kuchipinda.

"Mwanawe, tandibwereka ya m'chitini ija, ndikubwezera Loweruka."

Mwana anatulutsa chitini, anawerenga, kenako anang'amba pepala pakati pa kope la masamu. "Amayi, musaine apa. Ndi twente peresenti. Mukachedwa pali faindi."

"Iwe! Ndi ndalama yanga yomwe ndimakupatsa imeneyo!"

"Munandipatsa, amayi. Nanga chikole muika chiyani?"

Akuti mayiwo anasaina. Loweruka anabweza yonse ndi pamwamba pake, ndipo amayi a gulu atamva anakambirana zomulowetsa mwanayo kuti azisunga buku, poti amene akusunga panoyo masamu amamuvuta.